Monument Valley, Lost in Play kapena Limbo: ndi gemu iti ya mwana?

Mlongo wanga wa ku Bangula anandiimbira foni tsiku lina nati, "Achimwene, mphwanu akuvutitsa kuti ndimuikire gemu ya nthano, kodi ndimuikire iti?" Mwanayo ali mu Sitandade 3. Ndinatenga magemu atatu omwe zithunzi zake zimaoneka ngati za ana, ndikuwasewera ndekha usiku kuno ku Nchalo. Masana a Okutobala foni imatentha m'manja ngati mbatata yootcha, ndiye masewera a nthawi yaitali amayenera dzuwa litalowa.

Ndiyambe ndi Limbo chifukwa ndi yomwe inandipusitsa. Inapangidwa ndi kampani ya Playdead ya ku Denmark mu 2010. Kamnyamata kamadzuka m'nkhalango ya mdima, kakufunafuna mlongo wake. Zonse ndi zakuda ndi zoyera, mawu owerenga palibe, ndipo poyamba umangoti ndi nthano basi. Koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Njira yophunzirira gemuyi ndi kufa. Ukalakwa, msampha wachitsulo umakadula mutu kamnyamatako, kapena kangaude wamkulu ngati nyumba amakabaya ndi mwendo, kenako umayambiranso. Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi madzi. Kamnyamatako sikadziwa kusambira, ndipo kakagwera pozama kamaphiriphitha pang'ono, kenako zii. Ana athu a kuno anaona madzi osefukira a namondwe wotchedwa Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023, ena anagona m'makalasi a sukulu nyumba zitakokoloka. Mwana wotere sindingamupatse gemu yoti aziona mnzake akumira kakhumi usiku umodzi. Ngati gemu ndi yaluso zedi, ine ndinaikonda, koma ndi ya akuluakulu ndi achinyamata a kusekondale.

Wina anena kuti nthano zathu nazonso n'zoopsa, muli afisi, zimphona zomeza mudzi wonse ndi ng'ona zogwira atsikana padooko. N'zoona. Koma agogo akati "Padangokhala," ana amayankha "Tili tonse," ndipo amakhaladi onse pamphasa imodzi. Agogo akaona kuti wamng'ono wayamba kunjenjemera amafupikitsa poopsapo, kapena kuyambitsa nyimbo. Foni siona nkhope ya mwana, ndipo nthawi zambiri mwanayo amakhala yekha m'neti.

Monument Valley ndi ya kampani ya ustwo ya ku London, inatuluka mu 2014. Umatsogolera Ida, mwana wamkazi wa mfumu, m'nyumba zodabwitsa zomwe umazizunguza ndi chala mpaka makwerero awiri otalikirana akumane. Muno mulibe kufa. Adani ake ndi anthu onga akhwangwala, omwe amangotseka njira n'kumalira mokweza. Mawu a Chingerezi alimo ochepa, ndipo mwana akhoza kuimaliza osawamva. Vuto lake n'lakuti ndi yaifupi, ili ndi zigawo 10 zokha, wamkulu amaitha madzulo amodzi. Nkhani yake nayo ndi yachete kwambiri, mwana wokonda phokoso ndi nthabwala angatope nayo. Ilinso ndi yachiwiri ya mu 2017, yonena za mayi ndi mwana wake.

Lost in Play ya mu 2022 ndiyo ikufanana kwambiri ndi zomwe mphwanga ankafuna. Mnyamata ndi mlongo wake, Toto ndi Gal, asochera m'dziko la maloto awo ndipo akufuna njira yobwerera kwawo. Imaoneka ngati katuni ya pa TV. Anthu ake amalankhula chinenero chopeka ndi zithunzi, choncho mwana wolankhula Chisena kapena Chimang'anja sasiyana ndi wa ku London. Muli chilombo cha nyanga m'nkhalango ndi tizilombo tina tonga anthu, koma n'zoseketsa kuposa kuopsa. Chovuta ndi timasewera tina ta m'kati, tonga bawo kapena makadi, tomwe timafuna kuganiza patali. Pamenepo mwana wa zaka 8 adzakuitanani, ndipo ine ndemwe pena ndinakanda mutu kwa kanthawi.

Musanaike gemu iliyonse yang'anani pa Play Store pomwe alemba msinkhu, 3+, 7+, 12+, 16+ kapena 18+. Nambala imeneyi imathandiza, koma anaiika ndi anthu osamudziwa mwana wanu. Ine ndimaonjeza mayeso anga: ndimalakwitsa dala kuti ndione chomwe chichitikire munthu wa mu gemuyo. Ida amangoima n'kudikira. Toto ndi Gal amayesanso. Wa mu Limbo mwamva kale.

Magemu atatu onsewa, kuti usewere mpaka kumapeto, ndi ogula, ndipo kukopera kumadya bandulo, choncho ndi bwino kutero kamodzi pamalo pomwe netiweki ili yolimba. Mlongo wanga ndinamuuza kuti ayambe ndi Monument Valley, yomwe angamusiyire mwana akuphika. Lost in Play adikire tchuthi, ndikapita ku Bangula tikasewere limodzi.