Khadi la Ethernet la 2.5G patatha chaka: liwiro lilipo, koma driver anandionetsa zakuda

Mnzanga wina akufuna kukweza netiweki yake kuchoka pa gigabit imodzi, ndiye wandifunsa ngati khadi la Ethernet (netiweki ya pa chingwe) la 2.5G, kutanthauza ma gigabit 2.5 pa sekondi, lomwe ndinaika mu kompyuta yanga chaka chatha n'loyenera kugula. Yankho lake ndi lalitali, n'chifukwa chake ndalemba pano.

Zabwino kaye. Khadili ndi la PCIe x1, kulowetsa kwake n'kosavuta. Chingwe changa chakale cha Cat5e chinakwanira, monga momwe muyezo wa IEEE 802.3bz wa 2016 umanenera, kuti 2.5G imayenda pa chingwe chotere mpaka mamita 100. Ndikayeza liwiro ndi pulogalamu ya iperf3 ndimapeza pafupifupi 2.35 Gbit/s, pomwe khadi lakale linkathera pa 940 Mbit/s. Wake-on-LAN, yoyatsira kompyuta kudzera pa netiweki, imagwira ntchito. Pa Windows 11 driver, pulogalamu yoyendetsa khadili, ndinamuika kamodzi basi, mpaka lero sanandivutepo.

Nkhani ili pa Linux. Pabokosi analemba bwinobwino kuti khadili limagwira pa Windows ndi Linux. Ine ntchito yanga yambiri ndimagwirira pa Linux ya Ubuntu 22.04, yomwe inabwera ndi kernel 5.15 (kernel ndiye mtima wa Linux, womwe umalankhula ndi zipangizo). Kompyuta yangayo ili ndi malo a khadi limodzi lokha, polowetsa chingwe pa motherboard panafa kalekale, Wi-Fi ilibe. Nditachotsa khadi lakale n'kuika latsopano, netiweki zii. Lamulo la lspci -nnk linaonetsa kuti khadi lilipo, koma mzere wakuti "Kernel driver in use", wotchula driver yemwe akuliyendetsa, panalibe. Kernel siwerenga dzina la pabokosi. Imayang'ana manambala awiri omwe chip imadzitchula nawo, ya wopanga ndi ya mtundu wa chip, n'kufufuza driver wodziwa manambalawo. Opanga khadili anasintha chip koma dzina la khadi analisiya lomwelo, moti anthu omwe ankaliyamikira kuti limangogwira lokha pa Linux ankanena za chip yakale.

Ndiye "limagwira pa Linux" tanthauzo lake linali lakuti ukatenge source code ya driver kwa opanga chip, uzimangire wekha. Kuti umange pafunika mapulogalamu a build-essential ndi linux-headers, ndipo zimenezi zimatengedwa pa intaneti, yomweyo imene ulibe. Zili ngati kutsekera kiyi m'nyumba. Ndinalumikiza foni ndi chingwe cha USB n'kubwereka intaneti yake. Driver anamangika, koma pomulowetsa kunabwera uthenga wakuti "Key was rejected by service". Ameneyo ndi Secure Boot, yemwe salola module (driver womangidwa uja) yosasainidwa kulowa mu kernel. Panafunika kupanga kiyi yanga yosainira, kuilembetsa ndi lamulo la mokutil, kuyatsanso kompyuta, kuvomereza pa sikirini ya buluu yomwe imabwera poyatsa, kenako kusaina module. Zitatero khadi linadzuka, ndipo ndinkaona ngati nkhondo yatha.

Ayi ndithu. Kernel itangolandira update, m'mawa mwake netiweki kulibe. Chifukwa chake n'chakuti module imamangidwira kernel imodzi yokha, ndipo opanga Linux salonjeza kuti zam'kati mwa kernel zidzakhala chimodzimodzi kwa driver wochokera kunja. Driver yemwe ali m'kati mwa kernel amakonzedwa limodzi ndi kernel pomwe zinthu zikusintha. Wakunja amadikira mwini wake. Ndinaika DKMS kuti izimanganso driver yokha kernel yatsopano ikabwera, ndipo kwa miyezi ingapo mtima unakhala pansi. Koma DKMS imangomanga, sikonza code. Kernel itadumpha kwambiri, kumanga kunalephera, ndipo uthenga wa kulepherako unadutsa pakati pa mizere yambirimbiri ya update osaonedwa. Ndinazindikira nditayatsanso. Chondipulumutsa chinali kulowa pa "Advanced options" mu GRUB, menyu yoyatsira kompyuta, n'kusankha kernel yakale. Nthawi imeneyo ndinkachita mantha ndi update iliyonse, zomwe si bwino konse, poti zigamba za chitetezo zimabwera momwemo.

Apa m'pamene ndinalembera wogulitsa. Yankho loyamba linali lakuti ndiyese pa Windows. Nditawatumizira chithunzi cha bokosi lawo lomwe, pomwe palembedwa Linux, anati iwo amangogulitsa, za driver ndikafunse opanga. Nditapempha kuti andibwezere ndalama, anati nthawi yobweza katundu inadutsa, komanso khadi silinawonongeke poti pa Windows likugwira. Chomwe akanatha n'kundisinthira ndi lina la mtundu womwewo. Lina la chip yomweyo lindithandiza chiyani? Masiku amenewo ndinali wokwiya, ndipo ndinatsala pang'ono kubwezeretsa khadi langa lakale la Intel, lomwe driver wake e1000e ali mu kernel kuyambira kale ndipo Linux iliyonse yomwe ndinaikapo inkalizindikira yokha.

Chomwe chinandibweza ndi kernel 6.8, yomwe Ubuntu 22.04 inalandira kudzera mu HWE, njira yomwe Ubuntu imalandirira ma kernel atsopano, ndipo ndi yomwenso Ubuntu 24.04 inatuluka nayo. Ndinayesa kuchotsa driver wa DKMS uja pamodzi ndi fayilo ya blacklist yomwe anaika potsekereza driver wa mu kernel, ndipo khadi linagwira lokha. Palibenso kumanga, palibenso kusaina. Ntchito imeneyi anaigwira ndi anthu osamalira kernel, wogulitsa sanaikepo dzanja.

Katsala kavuto kamodzi. Netiweki ikakhala phee kwa kanthawi, nthawi zina imaduka masekondi angapo, ndipo mu dmesg, momwe kernel imalemba mauthenga ake, mumaoneka "Link is Down" kenako "Link is Up". Gwero lake ndi Energy Efficient Ethernet, muyezo wa 802.3az wa 2010, womwe umagonetsa kulumikizana kuti magetsi asamapite ambiri. Khadi ndi switch yanga, kabokosi kolumikiza zingwe za netiweki, sizimvana podzuka. Kuzimitsa ndi ethtool --set-eee kumathetsa vutoli, kungoti sizikhalitsa kompyuta ikazima, ndiye ndinaika lamuloli kuti lizidziyendetsa poyatsa.

Za ndalama, khadi lenilenilo linali lotchipa, ndipo n'chimene chinandikopa. Koma 2.5G sioneka popanda switch ya 2.5G, yomwe inadya ndalama zoposa khadi, kuwonjezera data ya pafoni ndi madzulo onse aja ndinathera pa terminal. Kwa wa Windows, gulani, mudzasangalala. Kwa wa Linux wokhala ndi kernel yatsopano, lero lili bwino, ndipo mafayilo akuluakulu akamasamuka pa 280 MB pa sekondi mkwiyo umandichoka. Ndikalipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Kwa wogulitsa ujayo sindidzagulanso khadi pokhapokha atandiuza kaye nambala ya chip. Ndinawapempha kuti pa malonda awo alembepo kernel yomwe khadili limafuna, anandiyankha kuti amva, koma mpaka pano pangolembedwa Linux basi.