Miyezi khumi ndi foni ya madola 90

Alamu anga a ku Mufakose, muno mu Harare ku Zimbabwe, anandifunsa Lamulungu ngati angagule foni yonga yangayi. Ndinawauza kuti, "Alamu, dikirani ndikhale pansi ndikulembereni," chifukwa nkhani yake si yoyankha uli chiimire.

Ndinaigula mu Okutobala pa madola 90, m'kashopu kena m'tauni pafupi ndi pokwerera makombi pa Copacabana. Kamera yake ndi yabwino: ndikajambula kaunjika amene ndimagulitsa ku msika wa Mupedzanhamo ku Mbare n'kuika pa status, mtundu wa chovala umaoneka mmene ulili. EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni, imayenda bwino. Mawu amamveka ngakhale m'phokoso la ku Mbare. Pa zimenezi ndilibe dandaulo.

Vuto ndi polowetsa chaja. Pofika mu Febuluwale panayamba kugwedera, moti ndinkachita kugoneka foni patebulo n'kupsinja chingwe ndi kapu. Kwathu kuno magetsi akavuta amabwera pakati pa usiku n'kuzimanso m'bandakucha, ndiye chingwe chikangosuntha pang'ono uli m'tulo, umadzuka foni ilibe moto.

Ndi mmene zinachitikira mu Juni, amalume anga atamwalira ku Dedza. Uthenga unalowa pa gulu la banja la WhatsApp cha m'ma 9 koloko usiku, foni yanga ili chizimire. Kutacha ndinapita kumsika, ndinagulitsa, ndinaseka ndi anzanga, osadziwa kuti kumudzi anthu agona pa siwa. Masana nditachajitsa kwa mnyamata wina wa sola, mauthenga anangoti mbwee. Basi yodzera pa Nyamapanda ndi Tete inali itanyamuka kalekale. Amalume amene anandilipirira sukulu ndinawaperekeza kumanda ndi maso okha, pa vidiyo imene msuweni wanga ankandionetsa, ine nditakhala pa belo la zovala.

Chimene chimandipwetekabe n'chakuti palibe anaganiza zoimbira bambo akunyumba kapena anansi anga. Sindikuwaimba mlandu, inenso ndimachita chimodzimodzi. Tonse tinazolowera kuti chikalembedwa pa gulu ndiye kuti aliyense wamva. Agogo anga anabwera kuno nthawi ya Chitaganya, mzindawu ukutchedwa Salisbury, ndipo zovuta zikagwa munthu ankayenda wapansi kukagogoda khomo lililonse la wachibale. Ife makasitomala, ndalama, mpingo ndi maliro, zonse taziika m'kachipangizo kamodzi.

Komabe foni yomweyi inandipukuta misozi. Amayi a pa gulu lina la Facebook la Amalawi okhala mu Harare, ena oti sindinawaonepo nkhope, anabwera kunyumba madzulo ake ndi ufa ndi shuga, tinaimba nyimbo zachitonthozo m'chinenero chathu. Ena anatumiza chipepeso pa EcoCash. Sabata imeneyo mukanandifunsa, ndikanati foniyi ndi dalitso.

Mtima unasintha nditabwerera kwa wogulitsa. Anati chitsimikizo chinali cha miyezi itatu basi, ndipo anandinena kuti ndinaiwononga ndekha ndi chaja ya mumsewu, chonsecho chajayo ndi yomwe anandipatsa yekha m'bokosi. Ndinalipira madola 12 kuti akonze. Patangotha masabata asanu ndi limodzi panayambanso kugwedera, iye n'kufunanso madola 8, osachotsako ngakhale dola imodzi. Pogula anandiitana "amayi", pobweza sankandiyang'ana n'komwe.

Ndiye alamu, foni ya madola 90 yandidyera 110, kuonjezerapo ena 12 amene ndagulira kafoni ka mabatani kamene anzathu a Chishona amati kambudzi, ndiye 122. Kameneka kamakhala masiku angapo osachajidwa, ndipo nambala yake ndaipereka kumudzi kuti zikavuta aziimba. Inu onjezerani ndalama mukagule kumene angakulembereni chitsimikizo cha chaka pa lisiti. Kwa munthu uja musapiteko.