Beconase, Flixonase, Avamys kapena Nasonex: musankhe uti?

Ngati mumayetsemula m'mawa uliwonse, mphuno kuyabwa ndi kutsekeka chifukwa cha fumbi kapena mungu, mankhwala onse anayiwa, omwe ndi ma steroid opopera m'mphuno, amathandiza pafupifupi mofanana. Amasiyana pa kapoperedwe, msinkhu wa wodwala, ndiponso mankhwala ena amene munthu akumwa.

Beconase, yemwe ndi beclomethasone, ndi wakale ndipo kawirikawiri ndiye wotsika mtengo. Mumapopera kawiri mphuno iliyonse, m'mawa ndi madzulo, ndipo wamadzuloyo ndi amene ambiri amaiwala. Amalowanso m'magazi kwambiri kuposa anzake, choncho kwa mwana wofunika kupopera miyezi yambiri si woyamba kusankha.

Flixonase ndi Avamys onse ndi fluticasone, pamene Nasonex ndi mometasone. Atatuwa ndi a kamodzi patsiku: wamkulu amapopera kawiri mphuno iliyonse, akapeza bwino nkutsitsa kufika kamodzi. Gawo lochepa kwambiri la mankhwalawa ndi limene limafika m'magazi. Flixonase ali ndi kafungo ka maluwa kamene ena sakakonda. Avamys amatuluka ngati nkhungu, sayenderera kukhosi kwenikweni.

Koma apa ndi pofunika kumvetsera. Amene ali pa ma ARV okhala ndi ritonavir, monga atazanavir/ritonavir kapena lopinavir/ritonavir, apewe fluticasone, mometasone ndi budesonide (steroid winanso wopopera m'mphuno). Ritonavir amalepheretsa chiwindi kuphwanya mankhwalawa, ndiye amaunjikana m'thupi: nkhope imatupa, mimba imakula, shuga amakwera. Kwa iwowa Beconase wakale uja ndiye wabwino. Amene ali pa TLD, ma ARV opanda ritonavir, vuto limeneli alibe. Uzani adokotala kapena a ku famase mankhwala onse amene mukumwa.

Ambiri amene amati "sakugwira" ndi oti anasiya msanga. Mphamvu yake imayamba kumveka pakapita masiku angapo, ndipo imakwanira pa milungu iwiri mukamapopera tsiku lililonse. Minani kaye, gwedezani botolo, weramitsani mutu pang'ono. Dzanja lamanja lipopere mphuno yakumanzere, lamanzere yakumanja, moloza kukhutu. Mukaloza khoma lapakati pa mphuno mumalipsereza, ndipo m'pamene kamfuno amayambira. Kokani mpweya pang'onopang'ono. Mukamva kuwawa kukhosi, mwakoka mwamphamvu ndipo mankhwala apitirira.

Otrivin nayenso ndi wopopera m'mphuno, koma sali m'gulu limeneli. Amatsegula mphuno m'mphindi zochepa, koma mukapitirira naye sabata imodzi mphuno imatsekeka kuposa poyamba.