Dikishonale ya Oxford ndi ka liwu kovuta aka koti "run"

Abale, zaka zonsezi ine ndimangodziwa kuti "run" ndi kuthamanga basi, nkhani yathera pompo. Ndiye tsiku lina mnzanga wanditumizira meseji kuti sabwera chifukwa "my nose is running", ine osamvetsa nkukaponya mawuwo pa ka apu kena komasulira ka pa foni, iko nkundiuza kuti mphuno yake ikuthamanga. Ndinaseka mpaka misozi, osadziwa kuti munthu wagona ndi chimfine mamina ali chuchuchu.

Apa mpamene ndinagula Oxford Advanced Learner's Dictionary, ya 10 ija yomwe inatuluka mu 2020. Bukuli ndi lakalekale ndithu, linayamba ndi A. S. Hornby mu 1948, ndipo analikonzera ife amene Chingerezi tinachita kuphunzira, osati eni ake. Zimenezi zimaonekeratu ukangotsegula.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi momwe anasanjira matanthauzo. Sakungokuunjikira ayi, tanthauzo lililonse lili ndi nambala yake, kamutu kake ndi ziganizo za chitsanzo, ndiye umangotsetsereka ndi chala mpaka kupeza chako. Munthu akati "run a shop" ndiye kuti akuyendetsa shopu, "run for president" akupikisana nawo pa chisankho, mpopi ukakhala "running" madzi akutuluka, injini ikakhala "running" ikulira. Ukafika kumunsi ndiye kuli zigawenga zenizeni, "run" uja akangogwirana ndi ka liwu kena kakang'ono amasinthiratu khalidwe, "run out" chinthu chatha, "run into" mwakumana ndi munthu mosayembekezera, "run over" galimoto yaponda munthu. Tangoganizani kusokoneza ziwiri zomalizazi pouza munthu kuti mwaonana ndi mayi ake!

Kenako ndinamva kuti mu Oxford English Dictionary, chimkulu chija, mneni ameneyu ali ndi matanthauzo 645, mpaka anapitirira "set" yemwe anali ndi 430. Mwamwayi ya ophunzirayi sakupatsa onsewo, anasankha okhawo amene anthu amayankhuladi.

Koma ndisakunamizeni, ngati mukufuna yankho la changu changu ili si buku lanu. Lonse ndi Chingerezi chokhachokha, tanthauzo nalo la m'Chingerezi, ndiye masiku oyamba ndinkapezeka ndikufufuza liwu lina lomwe lili mkati mwa tanthauzo la liwu loyamba lija. Pano ndazolowera, ndimayamba ndi zitsanzo kenako tanthauzo pambuyo, zimalowa msanga choncho. Katchulidwe ndimakamvera pa webusayiti yawo, amaika mawu a ku Britain ndi a ku America, ulere.

Pa 5 ndikuipatsa 4 ndi theka. Dzulo ndinati ndione "get" mwachidule ndisanagone, tulo tinandipeza ndisanafike ndi pakati pomwe.