Roland TM-2: kabokosi kakang'ono komwe kandikwanira

Ndimaimba ng'oma m'bandi yathu ya pamaukwati ndi pazinkhoswe, ndipo TM-2 iyi ndayenda nayo miyezi 7 tsopano. Ndi module, kutanthauza kabokosi kamagetsi kotulutsa mawu a ng'oma ukamenya pad, kachimbale komenyapo ndi ndodo komwe umalumikizako. Ndinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito, msuweni wanga ndiye anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg, chifukwa yatsopano thumba silikanalola.

Ndisanaipeze ndinawotchapo ndalama pa module ina yotchipa, dzina sinditchula. Mawu inali nawo mazanamazana, koma ukamenya pad pang'onopang'ono kapena mwamphamvu, kulira kwake kumodzimodzi, ngati ukugogoda chitini. Tsiku lina mkwati akulowa, nthambo yamagetsi inangogwedezeka pang'ono, iyo n'kuzima. Manyazi ake sindidzaiwala.

TM-2 ili ndi mabowo awiri okha olowetsamo ma pad. Izi muzidziwiretu. Ndi nthambo yogawa pawiri, bowo lililonse limatenga ma pad awiri, ndiye onse amakwana 4, basi. Polumikiza pedulo ya hi-hat (mbale ziwiri zachitsulo zija zotsegula ndi kutseka ndi phazi) palibe. Ngati mukufuna kuyendetsa seti yonse yamagetsi, iyi si yanu. Yang'anani Alesis Nitro kapena Roland TD-07, zomwe anazipangira seti yathunthu. Ine seti yanga ndi ng'oma wamba, ndimangofuna kuwonjezera mawu atatu kapena anayi pambali, ndiye pamenepa yafika.

Mawu omwe inabwera nawo alipo 162, ndipo kunena zoona ndimagwiritsa ntchito osapitirira 10: kuwomba m'manja, kick (ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi) yolemera ija ya nyimbo zovina, ndi tina tochepa. Chomwe chinandigwira mtima ndi khadi la SD, lomwe umaikapo mawu akoako oti TM-2 izitulutsa. Ndinapita kumudzi, ndinakabwereka mpanje wa amalume, tinauwamba pamoto mpaka chikumba chitauma bwino, ndinajambula kamenyedwe kamodzi kokha m'chipinda chopanda phokoso. Kunyumba ndinadula poyambira pake pa kompyuta n'kusunga ngati WAV ya 44.1 kHz, 16-bit. Fayilo ya MP3 siiwerenga, ndiye yambani mwaisintha. Ndipo dulani bwinobwino: mukasiya kachete kutsogolo, mawu amatuluka mochedwa, ndodo yafika kale. Pano nthawi ya perekaniperekani ndikamenya pad ija, mpanje umabangula m'masipika, azimayi n'kuyamba nthungululu, ena kusuzumira kuseri kufuna kuona amene wabwera ndi ng'oma yakumudzi.

China ndi mabatire. Imayenda ndi ma AA 4, ndiye magetsi akathima anyamata n'kuthamangira kukaliza jenereta, ine kabokosi kanga sikazima, sindiyambiranso kufunafuna kit (gulu la mawu) yomwe ndinali nayo. Ndimayenda ndi ochajanso awiriawiri m'chikwama cha ndodo.

Sabata yoyamba ndinavutika, koma cholakwa chinali changa. Pad ndinaimangirira pa sitandi imodzi ndi tom, imodzi mwa ng'oma za pa seti, ndiye ndikamenya tom, mpanje nawo unkayankha osaitanidwa. Ndinakweza threshold (mlingo wa kugunda komwe pad imayambira kumva) pang'ono, n'kutsitsa sensitivity (mphamvu yomwe pad imamvera kugunda), zinatheka. Khalani nayo madzulo amodzi ndi mahedifoni, musakaphunzirire pamaso pa anthu. Kasikirini n'kakang'ono, mabatani n'ngochepa, kotero zina umachita kuzilowera mkati, koma ukazikonza kamodzi sukhudzanso.

Pogula yakale, funsani adapta yake yeniyeni, ndipo yesani mabowo onse awiri ndi pad wogulitsa ali pomwepo. Tsegulaninso pa mabatire muone ngati sanadonthemo. Yanga inabwera yopanda chitsulo chomangira pa sitandi, ndiye mpaka lero imakhala pa kampando pambali pa floor tom, nditaiyalira kansalu kuti isatsetsereke.

Nyenyezi ndaipatsa 4 mwa 5. Ikanakhala ndi mabowo anayi ndikanapereka zonse.