Ndemanga yanga pa kampani imene inandiperekera lupanga kwa akatswiri ounika malupanga ku Tokyo

Ndimakhala ku Britain, ndipo chaka chatha ndinagula pa okushoni lupanga lalifupi la ku Japan, la mtundu umene eni ake amautcha wakizashi, womwe kutalika kwake kumakhala pakati pa masentimita 30.3 ndi 60.6. Langali ndi la masentimita 52, ndipo pa msuka wake, gawo lija limene limabisika m'chigumbu, anatemapo dzina lakuti Bishu Osafune Sukesada. Aliyense amene anayambapo kusonkhanitsa malupangawa amadziwa kuti dzina la pa msuka si umboni wokwanira, chifukwa mayina onamizira, otchedwa gimei, ndi ochuluka kwambiri. Pa chifukwa chimenechi ndinafunafuna kampani ya ku Tokyo yoti indiperekere lupangali ku bungwe la NBTHK, limene linakhazikitsidwa mu 1948 kuti liteteze malupanga a ku Japan nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, ndipo chiphaso chake ndicho chimene ogula ambiri amachikhulupirira.

Chimene chinandikopa mtima n'chakuti asanalandire ndalama iliyonse anandipempha zithunzi za msuka wa mbali zonse ziwiri, ndipo yankho lawo loyamba linali chenjezo. Anandiletsa kwamtuwagalu kupala dzimbiri lakuda limene lili pa msukapo, ngakhale kulipukuta ndi mankhwala alionse. Ndinakulira pakhomo pamene khasu kapena nkhwangwa yochita dzimbiri inkaonetsa ulesi wa mwini wake, choncho dzanja langa linkayabwa kale kuti ndipayeretse. Iwo anandifotokozera moleza mtima kuti mtundu wa dzimbirilo, mizere imene tupa ya wosula inasiya, maonekedwe a bowo lolowetsamo kamsomali ka nsungwi, ndiponso kuzama kwa chilembo chilichonse, ndi zimene akatswiri amawerenga kuti adziwe zaka za lupanga ndi dzanja limene linalisula. Ndikanapala, ndikanafufuta umboni wa zaka mazana anayi ndi kupitirira m'mphindi zochepa, ndipo sukanabwereranso.

Anandiuzanso poyera kuti ndisayembekezere zazikulu. Dzina la Sukesada linagwiritsidwa ntchito ndi amisiri ambiri a ku Osafune, m'dera la Bizen, lomwe masiku ano lili ku Okayama, ndipo m'zaka za m'ma 1500, nkhondo zapachiweniweni zili mkati, malupanga ochuluka a dzinali ankasulidwa mwaunyinji kuti akwanire asilikali. Ziphaso za bungweli zili pa magawo anayi, kuyambira Hozon, kenako Tokubetsu Hozon, Juyo Token, ndipo pamwamba penipeni pali Tokubetsu Juyo Token. Ine ndinkafuna kulipirira magawo awiri oyambawo nthawi imodzi, koma ataligwira lupangalo m'manja mwawo anandilembera kuti lanoledwa kambirimbiri, moti pamalo awiri chitsulo chofewa chamkati chayamba kuonekera, ndipo ndalama za gawo lachiwiri ndingozitaya. Ntchito yawo ikanawapindulira kwambiri akanangokhala chete n'kundisiya ndilipire, ndipo ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene ndikuwayamikirira.

Za makalata a boma anaziyendetsa bwino popanda ine kuvutika. Lupanga likalowa m'dziko la Japan limayenera kuonedwa ndi kulembedwa m'kaundula, kenako limapatsidwa kakhadi kotchedwa torokusho, kamene kamachokera ku komiti yoona za maphunziro m'chigawo. Lupanga lopangidwa ndi makina, monga ambiri a asilikali a pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, silivomerezedwa, choncho munthu ayenera kutsimikiza za ichi asanatumize. Potuluka pamafunikanso chilolezo cha nthambi ya boma yoona za chikhalidwe, chosonyeza kuti lupangalo silili m'gulu la chuma chotetezedwa cha dzikolo.

Pali zinthu ziwiri zimene sizinandisangalatse. Lupanga litaperekedwa kwa ounika, panadutsa milungu isanu ndi iwiri osamva chilichonse, ngakhale ndinalemba maimelo atatu. Ndikumvetsa kuti zotsatira sizinali m'manja mwawo, komabe mzere umodzi wonditsimikizira kuti katundu wanga ali bwino ukanandichepetsera nkhawa. Chachiwiri n'chakuti pa bilu yomaliza panali ndalama zosungira lupanga, zomwe sanazitchule pachiyambi. Sizinali zambiri, ndipo nditadandaula anapepesa n'kuchotsako theka, koma zinayenera kunenedwa tisanagwirizane. Ulendo wonse unatenga miyezi isanu ndi inayi, ndipo ndikaphatikiza zotumizira, inshuwalansi, malipiro awo ndi chimake chatsopano, ndalama zake zinaposa zimene ndinagulira lupangalo.

Lupanga linapambana gawo la Hozon, ndipo dzina lija linavomerezedwa kuti ndi lenileni. Chiphasocho ndi pepala lachikasu lokhala ndi chithunzi cha msuka chodindidwa chidindo, kutalika kwa lupanga m'miyeso yamakolo ya ku Japan yotchedwa shaku ndi sun, komanso nambala ya m'kaundula muja. Kampaniyi inaonjezerapo tsamba lomasulira mzere uliwonse m'Chingerezi, ndipo tsambali linandithandiza pa kasitomu, popeza kuyambira 2008 malamulo a kuno amaletsa malupanga okhota ofika masentimita 50, kupatulapo akale kapena osulidwa ndi manja mwa njira yamakolo.

Chimake chimene anandipangitsira ndi shirasaya, cha mtengo woyera wa honoki wosapakidwa utoto, ndipo lupanga limalowamo mwakachetechete popanda kukhudza m'mbali. Analikulunga bwino kwambiri, litapakidwa mafuta ochepa chabe oteteza dzimbiri otchedwa choji. Nditapukuta mafutawo n'kulipendeketsa pa kuwala kwa babu limodzi monga anandilangizira, ndinaona bwinobwino mzere woyera ngati nkhungu umene umayenda mokhotakhota m'mphepete mwa mbali yakuthwa. Mzerewu, womwe amautcha hamon, umabadwa pamene wosula amata dongo lochindikala kumsana ndi lopyapyala kumbali yakuthwa, kenako n'kuviika chitsulo chotentha m'madzi. Pafupi nawo pakuoneka timizere ta chitsulo chopindidwapindidwa, tofanana ndi mizere ya m'thabwa, ndipo malo awiri otopa aja akuonekadi pamene iwo ananena.

Ndikuipatsa kampaniyi nyenyezi zinayi mwa zisanu. Panopa ndili ndi tanto (mpeni wa ku Japan wofupikirapo kuposa wakizashi) yopanda dzina imene ndikufuna kudziwa ngati inasulidwa ku Mino, dera lina la amisiri osula malupanga, ndipo ndawalembera kale kuti anditumizire mitengo yonse, kuphatikizapo yosungira, ndisanaipakire.