Ma shiraz aja atatha kudutsa October wa ku Nchalo

Amene munkafunsa kuti ma shiraz (mtundu wa wayini wofiira) ndinagula ku Blantyre aja akupirira bwanji kutentha kwa kuno ku Chigwa, tsopano ndingathe kuyankha poti miyezi yapitapo ndithu ndipo October ndi November zadutsa.

Wayini yekhayo ndi wabwino zedi, ndalama sinapite pachabe. Onse ndi a ku South Africa, ena a ku Swartland ena a ku Stellenbosch, mphesa yake ndi yomwe ija amapangira wayini wa Hermitage ku chigwa cha Rhône ku France. Botolo loyamba ndinatsegula mu June kukuzizira, lakuda bii mpaka kuwala sikudutsa mu tambula, fungo la mabulosi akupsa ndi ka tsabola wakuda pamwamba pake. Katsabolako sathiramo ayi, ndi kachinthu kachilengedwe kotchedwa rotundone kamene kamakhala mu khungu la mphesa, akatswiri a ku Australia ndi amene anaonetsa mu 2008 kuti fungolo limachokera pamenepo. Koma mkamwa munkauma ngati walumako nthochi yaiwisi, ma tannin (zomwe zimaumitsa mkamwazo) anali akadali aukali, ndipo ukali umenewo ndi umene umapangitsa wayini kukhalitsa, ndiye ndinati otsalawa adikire kaye.

Apa ndiye pali nkhani abale. Timamva kuti shiraz wapamwamba amakoma akamakalamba, ndipo ndi zoona, Penfolds Grange wa ku Australia amene wopanga wayini Max Schubert anayamba kupanga mu 1951 anthu amasunga zaka 20 kapena 30. Koma amasunga malo ozizira a madigiri 12 mpaka 14 osasinthasintha. Ife kuno masana a October timadutsa 40, nyumba ya malata usiku wonse kumangotulutsa moto.

Mabotolo ena anali mu kabati ya kuchipinda, ena mu firiji cha pansi ogoneka cham'mbali. A mu kabati aja pofika November lina cork yake (chotsekera pakamwa pa botolo) inali itatukuka pang'ono, wayini atatsetsereka pakhosi pa botolo nkuumira pomwepo, ukagwira zala kumamata. Nditathira mu tambula m'mphepete munali mutayamba kufiirira, tsabola uja kulibe, mabulosi kulibe, kukoma kwake kwangokhala kwa masau ouma ndipo mowa wake wa 14.5% umachita kuwotcha kukhosi. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinkadziwa mmene analili mu June. Wopanga alibe mlandu apa, ndi dzuwa basi.

A mu firiji anatuluka amoyo, zipatso zonse zilimo, tsabola ali pomwepo, ma tannin afewako pang'ono koma pang'ono penipeni, musayembekezere zodabwitsa pa miyezi yochepa. Komanso firiji ya kukhitchini imazizira kwambiri moti wayini amangoima pamodzi osakula, cork nayo imauma ikakhalitsa, kuphatikiza magetsi akathima tsiku lonse botolo limafunda kenako kuziziranso ndipo kusinthasintha kumeneko sikumuchitira ubwino. Pa chifukwa chimenechi ine kuno ndayamba kukonda a chotsekera chopotokola, lina lotero ndi lomwe linatuluka bwino kuposa onse.

Pakumwa musamvere zoti wayini wofiira samalowa mu firiji, malangizo amenewo ndi a kumayiko ozizira. Shiraz amafuna madigiri 16 mpaka 18, ndiye ngati anali panja muzizirikeni theka la ola, kenako thirani mu jagi apume. Ndi nyama ya ng'ombe yowotcha ya ku Ngabu kapena mbuzi yamafuta pang'ono eee zimagwirizana koopsa, mafuta aja amazimitsa kuuma kwa mkamwa. Ndi makakana a ku Elephant Marsh ayi, kumamveka kazitsulo pa lilime. Ndipo pochokera ku Blantyre osaika mu buti mukutsetsereka ku Thabwa masana, ikani kutsogolo mu cooler box.

Ndingagulenso? Eya, koma osati odula kwambiri opangidwira kusunga zaka 10 kapena kuposa aja, pokhapokha nditapeza firiji yeniyeni ya wayini ndi sola yake. Ndizigula apakatikati, ochepa, nkumwa chaka chisanathe. Otsalawa ndatumiza kwa alamu anga ku Thyolo kumene kumazizirako, tikatsegula limodzi June akubwerayu.